Mwini Mpira Sakhala pa Golo

Pa mpira wachikulunga panalibe mwana wofuna kukhala pa golo. Aliyense ankafuna kutsogolo, kogoletsa, komwe dzina limatchulidwa. Pa golo pankaikidwa wamng'ono kuposa onse, kapena wofika mochedwa, kapena uja wangotsatira mkulu wake n'kumalirira kusewera. Ndipo panali lamulo limodzi lomwe palibe ankalitsutsa: mwini mpira sakhala pa golo. Mukamukakamiza, atola mpira wake n'kumapita kwawo, masewera n'kuthera pomwepo.

Anthu atatu akuluakulu, awiri a madigiri ndi mmodzi namwino, akhoza kutha sabata yathunthu akukangana nkhani yomweyi. Kusiyana kwake n'koti bwalo lathu lili pa intaneti, ndipo golo lake amalitcha healer.

Kwa amene munazolowera PUBG ndi Free Fire pafoni, ndifotokoze pang'ono. World of Warcraft ndi gemu ya pakompyuta ya kampani ya Blizzard, inatuluka mu 2004. Mu 2019 anaitulutsanso mmene inalili poyamba, yolimba ndi yochedwa, n'kuitcha Classic, ndipo kumapeto kwa 2024 anatsegula maseva atsopano pokumbukira zaka 20, kuti aliyense ayambire pansi. Ife tinalowera pamenepo. Umapanga kamunthu kako, kamayamba pa levulo 1, ndipo ulendo wake n'kukafika pa 60: kupha zilombo, kutumidwa ntchito zomwe amati ma quest, kuyenda mitunda italiitali wapansi. Kwa munthu wapantchito umenewu ndi ulendo wa miyezi. Usanaponde n'komwe pansi, gemu imakufunsa kuti kamunthu kako kakhale ka class iti, ndiye kuti kazigwira ntchito yanji pankhondo. Zilipo zisanu ndi zinayi, ndipo ukasankha wasankha. Kusintha maganizo pa levulo 35 ndiye kuti kuyambiranso pa 1.

Ntchito zenizeni zilipo zitatu basi. Pali tank, amene amaima kutsogolo kuti zilombo zonse zizimenya iye. Pali omenya, amene ntchito yawo n'kupha msanga. Ndiye pali wochiza, amene amaima kumbuyo, maso ali pa timizere tobiriwira tosonyeza moyo wa anzake, n'kumadzaza kalikonse kakayamba kutsika. Wochiza saona n'komwe nkhondo. Zinthu zikayenda bwino palibe amamutchula, koma wina akangofa funso loyamba ndi lakuti anali kuti.

Tilipo atatu. Ine ndili ku Lilongwe. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji ali ku Joni, amagulitsa mafoni mu shopu ya munthu ngakhale anawerenga za chuma. Wachitatu ndi msuweni wanga, namwino pa chipatala china cha kuboma, kutali ndi tauni. Chimalizireni sukulu, ine ndi mnzangayo taonana maso ndi maso kawiri. Gulu lathu la pa WhatsApp linali litasanduka malo otumizirana mauthenga a maliro ndi tizithunzi toseketsa topanda woyankha. Foni tikaimbirana, pakatha mphindi zisanu nkhani yatha, chifukwa funso lakuti "zikuyenda?" onse timadziwa yankho lake ndipo palibe amafuna kulinena. Gemu inabwera ngati njira yokhalira limodzi maola awiri popanda kufunsana funso limenelo. Choncho kusankha molakwika sikukanangoononga masewera. Mmodzi akanatopa n'kusiya, bwenzi tabwerera ku tizithunzi tija.

Pa pepala, nkhaniyi ndi yosavuta. Warrior payekha ndi wovutika kuposa onse mu Classic: alibe njira yodzichizira, zilombo ziwiri zikamuunjikira ndiye kuti wapita, ndipo akapha chimodzi amakhala pansi kudya kaye. Koma ukamuikira wochiza kumbuyo amasanduka chinthu china, amangoyenda osaima. Priest payekha amachedwa kupha, koma kumbuyo kwa Warrior ndi pamalo pake. Wachitatu aliyense angakuuzeni kuti akhale Mage, chifukwa amapanga madzi akumwa aulere omwe wochiza amafuna kuti mphamvu zake zibwerere, amatha kusandutsa mdani mmodzi nkhosa kuti ayambe wadikira, ndipo pa levulo 40 amatsegula zipata zopitira kumizinda ikuluikulu. Pamwamba pa izo mumayang'ananso zovala: ngati awiri amavala zofanana, chilichonse chabwino chikagwa mukanganirana. Mumayang'ananso koyambira, chifukwa mtundu uliwonse wa tianthuti umabadwira dera lakelake, ndipo ena amatalikirana moti kuti mukumane, wina ayende ulendo wautali kudutsa m'madera momwe chilombo chilichonse chimamupha ndi kumenya kumodzi.

Zonsezi n'zoona, ndipo amene analemba malangizo amenewa amaidziwa gemu kuposa ine. Koma analemba ali ndi anthu ena m'maganizo: anthu amene magetsi sawazimira, amene netiweki yawo siisowa mvula ikagwa, amene Loweruka lawo ndi lawo.

Mu Africa mulibe seva ya gemuyi. Timalowa za ku Ulaya, ndipo tsiku labwino ping yanga imakhala cha m'ma 200. Ndiye kuti ukadina batani, pamadutsa kanthawi kuti lamulo lako likafike kumeneko n'kubwerera. Kwa womenya, kuchedwa koteroko kumangochepetsa ziwerengero. Kwa wochiza, ndi kusiyana pakati pa mnzako wamoyo ndi mtembo. Ndiye nzeru yosavuta inali yakuti wochiza akhale amene ali ndi intaneti yodalirika kuposa onse. Ameneyo ndi wa ku Joni, amene nyumba yomwe amachita lendi ili ndi fibre. Ndinamufotokozera bwinobwino, ndi zifukwa zake, ngati ndikuteteza pepala la chaka chomaliza.

Anayankha ndi voice note ya masekondi ochepa.

"Aise, ine moyo wanga wonse ndine healer. Fizi ya mlongo wanga, ine. Feteleza, ine. Wina akadwala kumudzi, foni yoyamba imalira ndi yanga. Ndiye ndizibwera kuntchito usiku, nditsegule kompyuta, ndiziyang'aniranso moyo wa anthu? Ayi. Ndipatseni nkhwangwa."

Pali china chimene sananene, koma tonse tinkachidziwa. Gemuyi ndi yolipira mwezi ndi mwezi, pafupifupi madola 15 munthu mmodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo inakhala nkhani ina, osanenanso za mavuto olipirira zinthu zakunja ndi khadi la kuno. Amatilipirira tonse atatu ndi iyeyo. Mwini mpira ndi iye. Sanatiopsezepo kuti atola mpira wake, si munthu wotero, koma ine sindikanatha kuuza munthu amene akundilipirira kuti akaime pa golo.

Ndinatembenukira kwa msuweni wanga, poti pakati pa ife ndiye wodziwa kuchiza. Anandiseka.

"Iwe, ukudziwa kuti usiku wapitawu ndinali ndekha wodi yonse? Ndikalowa m'gemumo ndikufuna chinthu chife chifukwa cha ine, mwadala, ndipo pasapezeke wondifunsa."

Pachisuweni sukwiya, umangovomera. Wochiza ndinatsala ine, wa netiweki yapakatikati, wa laputopu yomwe batire lake limapirira ola limodzi ndi theka magetsi akathawa, intaneti yake yochokera pafoni.

Apa ndi pomwe kusankha kwenikweni kunayambira, chifukwa funso linasintha. Silinalinso lakuti ndi ma class ati amphamvu akaphatikizana. Linali lakuti ndi ati amene angapirire zofooka za anthu atatu awa. Ndinayamba kufunsa za class iliyonse funso limodzi: mwini wake akasowa masekondi khumi, chimachitika n'chiyani?

Kwa msuweni wanga yankho linali Hunter, osati Mage. Netiweki yakwawo ndi yoipa kuposa yathu tonse, imabwera ndi kupita ngati alendo a pamaliro. Mage akaima chilili ndiye kuti palibe chikuchitika, ndipo ndi wofewa, chilombo chikamupeza samachedwa. Hunter pa levulo 10 amaweta chilombo chake, ndipo chimenecho ukachituma chimamenyabe ngakhale mwini wake wazizira pa sikirini. Uta nawonso ukauyambitsa umangoponya wokha. Komanso Hunter ndi amene amayenda bwino payekha kuposa ambiri, ndiye sabata yomwe ali pa naiti n'kutsalira m'mbuyo, amatha kutipeza popanda womuperekeza. Anaweta nguluwe ya ku Durotar chifukwa imadya chilichonse, n'kuitcha Ndiwo. Mu Classic chiweto ukapanda kuchidyetsa chimakhumudwa, chimamenya mofooka, mapeto ake chimakuthawa. Namwino wokana kusamala anthu uja amayenda ndi thumba lodzaza nyama ya Ndiwo, ndipo takhalapo titaima pakati pa njira kudikira kuti nguluwe idye kaye. Sindinamuuzepo zimene ndikuganiza pa nkhaniyi.

Kwa ine panali zitatu, poti tinasankha mbali ya Horde: Priest, Shaman kapena Druid. Druid anandikopa chifukwa machiritso ake ambiri ndi oika pa munthu n'kumagwira ntchito okha pang'onopang'ono, zomwe n'zabwino kwa wa netiweki yodukaduka. Koma Druid wa mu Classic amadzutsa wakufa kamodzi kokha pa mphindi 30, ndipo ife ndinkadziwa kuti tizifa kawirikawiri kuposa pamenepo. Komanso ku Horde amayambira ku Mulgore, kutali ndi anzanga. Priest amadzutsa nthawi iliyonse nkhondo ikatha, ali ndi Renew yomwe imachiza yokha kwa masekondi 15, ndiponso chishango chomwe amaveka mnzake kuti chimeze nkhonya zingapo. Ndikaona kuti netiweki yayamba kunjenjemera, ndimaponya ziwirizo n'kupemphera. Tinatenga Orc mmodzi ndi ma Troll awiri kuti tonse tibadwire malo amodzi, ku Valley of Trials, ndipo zovala sizinatiyambanitse: ine nsalu, msuweni zikopa, Warrior zachitsulo.

Chimene tinataya ndi madzi a Mage, ndipo ndimachimva tsiku lililonse. Wochiza amagwiritsa ntchito mana, ndipo ikatha umakhala pansi n'kumwa, madzi ake ogula. Anthu awiri omenya sakonda kudikira munthu amene akumwa. Mawu amene ndawalankhula kwambiri m'gemuyi ndi akuti "dikirani kaye".

Chishango chija chinabweretsa mkangano wathu woyamba weniweni. Warrior sagwiritsa ntchito mana. Mphamvu yake ndi rage, ukali, ndipo umadzaza akamamenya ndiponso akamamenyedwa. Mu Classic, nkhonya yomwe yamezedwa ndi chishango cha Priest siimupatsa ukali. Ndiye ine pomuteteza nkhondo isanayambe, ndinkamusiya ali bwinobwino koma wopanda mphamvu yochitira chilichonse, zilombo n'kumudutsa kubwera kwa ine. Tsiku lina ku Barrens anakuwa pa foni: "Aise, usanditchinge! Ndisiye andimenye kaye!" Tinagwirizana kuti chishango ndi cha pangozi pokha, kapena pamene netiweki yanga ikupita. Zimafuna mtima kuonerera kamzere ka mnzako kakutsika, batani lili pansi pa chala, iwe n'kudziletsa. Panopa ndimadziwa pomwe amafuna kufika asanathandizidwe, ndipo ndi pansi kuposa pomwe ine ndikanakonda.

Msuweni naye anali ndi zake. Chiweto cha Hunter chili ndi kubangula komwe kumakokera zilombo kwa icho, zothandiza ukakhala wekha, koma pagulu zimalanda ntchito ya tank. Kuti azikumbukira kuzimitsa zinatenga masabata. Ndipo pali nthabwala yakale pakati pa osewera gemuyi yakuti kwa Hunter chida chilichonse ndi chake. Ndi zoona. Lupanga likagwa, iye wadina kale kuti akulifuna, pomwe ntchito yake ndi uta. Mnzanga amamulemekeza, amangoti, "Asisi, lupangalo mukalitani?" Iye amvekere, "Achimwene, likundikhala."

Kusewera atatu sikufulumira pa chilichonse. Mphotho ya chilombo chimodzi imagawidwa, ngakhale gemu imawonjezerako pang'ono mukakhala atatu kapena kuposa. Quest yakuti iphani zakutizakuti khumi imatha msanga chifukwa chilombo chimodzi chimawerengedwa kwa onse. Koma yakuti tolani zinthu, aliyense amatola zake. Ku Barrens kuli quest yotchuka yofuna ziboda zinayi za zhevra, nyama yonga mbidzi yokhala ndi nyanga. Nyama ya miyendo inayi, koma umapha zisanu osapeza chiboda n'chimodzi chomwe. Kwa atatu ndi ziboda 12. Usiku umenewo ndi womwe mnzanga anatiuza, ali mkati mothamangitsa mbidzi, kuti mwini shopu wawachepetsera masiku ogwira ntchito. Anangozinena ngati akunena za nyengo, palibe anasiya kusewera, ndipo tinakambirana mpaka ziboda zitakwana. Pa foni wamba sakananena. Ndikudziwa chifukwa tinali titalankhulana dzulo lake.

Phindu la kusankha kwathu linaonekera pa ma dungeon, mapanga momwe mumalowa anthu asanu: tank, wochiza ndi omenya atatu. Omenya ali mbwee paliponse, osowa ndi tank ndi wochiza, moti magulu ena amatha nthawi yaitali akuitana. Ife tinali nazo kale zonse ziwiri. Tikangolemba kuti tikufuna omenya awiri a ku Wailing Caverns, mayankho amabwera tisanamalize kukonza zikwama. Wailing Caverns ndi phanga lalitali losokoneza, ndipo lili ndi malo ena odumpha omwe munthu wa ping ya 200 amawaopa kuposa zilombo. Alendo awiri aja, anthu a ku Ulaya omwe sitidzawaonanso, sankadziwa kuti wochiza wawo ali mumdima, laputopu yatsala ndi 20 peresenti, foni yaikidwa pawindo pomwe netiweki imagwira. Tinamaliza. Mmodzi analemba kuti healer wachita bwino, ndipo ndinajambula sikirini.

Lamulo lathu lalikulu si la ma class n'komwe: tianthu itatuti sitiseweredwa wina palibe, kupatula ngati ukuthamangira anzako. Wina akapitirira ndi malevulo ambiri, ma quest anu amasiyana, zilombo zomwe zikumupindulira iye zimakhala zoopsa kwa inu, ndipo gulu latha ngakhale palibe wanena kuti latha. Lamuloli limapweteka mnzanga kuposa tonse, chifukwa masiku ake opanda ntchito achuluka ndipo intaneti ali nayo. Anapanga kamunthu kena kosewera yekha, Rogue, ndipo kameneko kanafika 60 kalekale. Warrior amatidikira.

Pa levulo 30 Warrior amapatsidwa quest ya nkhwangwa yotchedwa Whirlwind Axe, chida choposa msinkhu wake. Yekha sangaithe. Pamafunika mano 30 a ma Troll a Bloodscalp ku Stranglethorn Vale, mizu isanu ndi itatu ya Liferoot, zinthu zina za ku Arathi Highlands, kenako kupha Cyclonian, chimphepo cha levulo 40, ku Alterac Mountains. Mizu ndinakumba ine, poti kamunthu kanga kanaphunzira za zitsamba. Mano tinatola Loweruka awiri. Cyclonian anatipha katatu, ndipo kachitatuko msuweni anapulumuka yekha podzigwetsa ngati wafa, luso lomwe Hunter amapeza pa 30, n'kumatiseka ali gone pakati pa mitembo yathu. Tinabwerera titakwerako malevulo angapo ndipo inatheka. Ine ndi msuweni sitinapeze kanthu pa quest imeneyo. Masabata atatu a anthu atatu, nkhwangwa imodzi ya munthu mmodzi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwandigulira nkhwangwa, anthu inu." Sindikumbuka tsiku lina lomwe munthu ameneyu analandirapo kanthu kwa ife.

Pano tili pa 38, ndipo nkhani yomwe yavuta ndi ya zokwera. Pa levulo 40 umaloledwa kukwera chinyama m'malo moyenda wapansi, koma kuphunzira ndi kugula kumafuna golide pafupifupi 100, chuma chambiri pa msinkhu umenewu. Apa gemu yatembenuza zinthu. Warrior ndi class yodya ndalama: zida zake zimaphwanyika chifukwa ndiye womenyedwa, kukonzetsa n'kodula, ndipo amafunika chida chatsopano pafupipafupi. Mnzathu amene amatilipirira tonse ndiye mmphawi wa gululi, ali ndi golide 31. Ine ndili ndi 58 chifukwa cha zitsamba zomwe ndimagulitsa. Msuweni, amene amasenda chikopa cha nyama iliyonse yomwe tapha n'kukagulitsa, wadutsa kale 120.

Lachiwiri lapitali anamutsegulira bokosi losinthanirana zinthu n'kuikamo golide 40. Mnzanga anakana, n'kutseka. Anatsegulanso. Anatsekanso.

"Asisi, ndipeza ndekha."

"Achimwene, inu mukayenda wapansi ndiye kuti tonse tiyenda wapansi. Ine sindikufuna kuyenda wapansi. Dinani."

Sanadine. Wati aganiza kaye, ndipo ngati atenge ndiye kuti ndi ngongole, alemba penapake. Msuweni ali pa naiti mpaka Lachisanu, ndiye tikumananso Loweruka 8 koloko usiku, magetsi akalola. Malevulo awiri atsalawo tikawapezera ku Scarlet Monastery, ndipo ine ndagula kale madzi okwanira.